Bwenzi Lobisa Manyazi: Forster ndi Mbiri ya Dickens

Charles Dickens atamwalira mu 1870, ntchito yolemba mbiri yake inagwera John Forster, bwenzi lake la zaka zoposa 30. Bukulo, The Life of Charles Dickens, linatuluka m'magawo atatu pakati pa 1872 ndi 1874.

Mphamvu ya bukuli yagona pa kukhulupirirana kwa awiriwa. Forster ndiye anauzidwa chinsinsi chimene Dickens ankachita nacho manyazi: ali ndi zaka 12 ankagwira ntchito m'fakitale ya polishi wa nsapato ku London, bambo ake ali m'ndende ya Marshalsea chifukwa cha ngongole. Forster anasunga chinsinsicho mpaka mwini wake atamwalira, ndipo atachiulula owerenga anamvetsa kumene kunachokera ana ozunzika a m'mabuku a Dickens. Bukuli likuonetsanso bwino macheza a gulu lawo, madyerero amene ankakhalapo katswiri wa zisudzo William Macready, ndi masewero amene alembiwo ankachita okha.

Limodzi mwa masewerowo ndilo linabweretsa mavuto. Mu 1857, pochita The Frozen Deep ya Wilkie Collins ku Manchester, Dickens anakopeka ndi mtsikana wa zisudzo wa zaka 18, Ellen Ternan. Chaka chotsatira analekana ndi Catherine, mayi wa ana ake 10, nasindikiza chikalata chodziyeretsa. Mark Lemon, mkonzi wa magazini ya Punch, anaimira Catherine pa zokambirana, ndipo magaziniyo itakana kusindikiza chikalatacho, ubwenzi wake ndi Dickens unasokonekera. Forster anaimira Dickens. M'buku lake nkhaniyi wangoilambalala, ndipo dzina la Ellen likungopezeka mu wilo ya malemuyo.

Ife Asilamu sitingafulumire kumudzudzula. Chipembedzo chathu chimaletsa miseche ndipo chimayamikira wobisa manyazi a m'bale wake, makamaka amene ali m'manda. Koma chimatilamulanso kupereka umboni wachilungamo ngakhale ukhudze wathu amene. Catherine anali akadali moyo pamene bukuli linkatuluka, ndipo mboni imene inkadziwa zambiri sinamunenerepo mawu omuyeretsa. Kubisa tchimo la mnzako n'kwabwino pamene palibe wina amene akulipirira kukhala chete kwakoko.

Bukuli n'lofunika kuliwerenga, koma tikumbukire kuti analilemba nkhoswe ya kuchimuna. Tikaitanidwa kukaweruza banja la bwenzi lathu, tisaiwale kumva mbali ya mkazi.