Khonde la ku Chitipa

Chitipa ndi tauni yobadwira pa msewu. Mu 1881 James Stewart, injiniya wa ku Scotland, anayamba kulambula njira yochoka ku Karonga kukwera mtunda kulowera ku nyanja ya Tanganyika, ndalama zake zikuchokera kwa James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow. Stewart anamwalira mu 1883 ntchito ili pakati, ndipo msewuwo sunathe monga eni ake ankafunira. Komabe amtengatenga ankadutsamo ndi katundu pamutu, mpaka atsamunda anakhazikitsa malo awo m'mbali mwake n'kuwatcha Fort Hill, pomwe lero pali Chitipa. Pambuyo pake Wenela inkanyamulira anthu pa bwalo la ndege la pomwepo kupita nawo kumigodi ku Joni, bwalo lomwe otsatira a Congress analitseka mu February 1959. Onse amene anaikapo kanthu pamalopa ankaganizira munthu wodutsa.

Mpaka lero kayalidwe ka pa Boma kakusonyeza zimenezi. Masitolo, malo ogona alendo ndi zigayo zandandana kutsata msewu, zonse zitapenya komwe kukudutsa galimoto. Msewu wa phula wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, womwe anamanga ndi a ku China dziko lino litasiya ubale ndi Taiwan, wangowonjezera mphamvu ya mzere umenewu. Aliyense akufuna puloti ya kumsewu.

Pa tauni yotere, luso la mmisiri limaonekera pa chinthu chimodzi chimene ambiri sachiwerengera: khonde. Ndi pokhapo pamene nyumba imakumbukira munthu woima.

Taonani sitolo yachikale. Denga la malata limatsetsereka kupitirira khoma n'kukatera pa nsanamira zinayi kapena zisanu za njerwa. Pansi pake ndi pokwera pang'ono, masitepe awiri kapena atatu, kuti madzi a mvula ndi matope zisalowe. Chitseko chili mkati mwa mthunzi. Telala waika makina ake chakumapeto, kumene kuwala kumagwera pa nsalu koma osamuthobwa m'maso. Wokonza mafoni watenga mbali inayo. Mayi wochokera ku Kameme watula dengu lake n'kutsamira nsanamira podikira matola. Mayiyu sanalipire kanthu kuti akhalepo, palibenso amene akumuthamangitsa. Masitolo otere akayandikana, makonde awo amalumikizana, munthu n'kuyenda mtunda ndithu osapsa ndi dzuwa la mu October kapena kunyowa mu January.

Muyeso wake ndi umene umasiyanitsa mmisiri weniweni ndi womanga chimangemange. Khonde likachepa, moti anthu awiri sangapatukirane, limangokhala chokongoletsera. Likakula kwambiri denga lili lotsika, m'sitolo mumada bii, mwini wake n'kumayatsa getsi masana. Chitipa ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo mphepo ya m'chilimwe imabwera ndi fumbi losasewera nalo. Mmisiri wodziwa malo ake amamanga kakhoma kofika m'chiuno kumbali yochokera mphepo. Kakhoma komweko kamasanduka mpando.

Nyumba zambiri zatsopano zataya zonsezi. Mwini puloti akuona kuti khonde ndi malo ongowonongeka, ndiye khoma amalikankhira mpaka pa ngalande kuti mutuluke chipinda china cha lendi. Kumaso amaika magalasi akuda ndi matailosi, pamwamba kakhoma kobisa denga kuti nyumba ioneke ngati ya ku Lilongwe kapena ku Tunduma. Kakhoma kameneka n'kachinyengo: kumbuyo kwake madzi amasonkhana, ndipo pakangotha dzinja limodzi kapena awiri utoto umayamba kusupuka, mizere yakuda n'kutsika pakhoma. Wogula amaima pa dzuwa. Telala uja wasamukira pansi pa mtengo, ngati mtengowo sunadulidwe pokonza malo oimika galimoto. Sindikudandaula kuti zakale zikutha ayi. Nyumba yosanja nayo ingathe kukhala ndi khonde, chipinda cham'mwamba n'kukhala denga lake. Vuto ndi lakuti pulani imajambulidwa ndi munthu amene akuiona nyumbayo kuchokera m'galimoto.

Amene akufuna kuona kumanga kolemekeza malo akwere ku Misuku. Kumeneko malo athyathyathya ndi osowa, ndiye Asukwa ndi Andali amayamba asema phiri, kusalaza kabwalo kokwana nyumba, khitchini ndi poyanikira khofi. Dothi lokumbidwalo ndi lomwe amaumbira njerwa, moti khoma ndi nthaka n'zamtundu umodzi. Kumtunda kwa nyumba amakumba ngalande yopatutsa madzi, kumunsi amabzala nthochi zogwira nthaka. Mvula ya kumeneko, pafupi ndi nkhalango za Mughese ndi Wilindi, ndi yambiri, choncho denga limatuluka kwambiri kuti khoma lisanyowe. Palibe mzere wowongoka. Njira imapita kumene phazi lingathe kupita. Nyumba iliyonse ili ndi chifukwa chokhalira pomwe ilipo, ndipo chifukwacho ungachione ndi maso.

N'zoona kuti njerwa zootcha zatha mitengo, ndipo mu 2018 boma linaletsa kuzigwiritsa ntchito pa nyumba za boma ndi zikuluzikulu zamalonda. Zivomezi za ku Karonga za mu December 2009 nazo zinaphunzitsa amisiri a kumpoto kuti khoma lopanda bimu yolimanga pamwamba limang'ambika m'makona. Koma kusintha njerwa si kusintha nzeru. Buloko ya simenti imanyamula denga la khonde bwinobwino monga njerwa yofiira.

Tikamalankhula za nyumba zakale zoyenera kusungidwa, timathamangira Mandala House ya 1882 ku Blantyre, kapena Stone House ya Robert Laws ku Livingstonia, yomwe lero ndi nyumba yachionetsero. Chodabwitsa n'chakuti chomwe alendo amajambula kwambiri pa Mandala ndi khonde lake lozungulira, lomwe limapatsa nyumbayo mthunzi ndi ulemu. Ku Karonga, nyumba yachionetsero yomwe inatsegulidwa mu 2004 imakopa anthu ndi chifanizo cha mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, ndipo anaimanga mwadala kuti maonekedwe ake agwire maso. Zimenezi n'zabwino, koma zimatizoloweza kuganiza kuti luso la zomangamanga limakhala m'nyumba imodzi yotchuka yokhala ndi chikwangwani. Ku Chitipa luso lili m'mzere wonse wa masitolo, ndipo sitolo imodzi ikagwetsa khonde lake, njira ya mthunzi imaduka kwa onse.

Apa ndi pamene khonsolo ili ndi mphamvu kuposa mmisiri. Povomereza pulani ya nyumba ya kumsewu waukulu, ingathe kunena kuti khoma libwerere m'mbuyo mamita awiri, denga lituluke, ndipo pansi pa khonde palingane ndi pa sitolo yoyandikana nayo, kuti wa njinga ya olumala kapena mayi wosenza dengu asamakwere ndi kutsika pa khomo lililonse. Mwini puloti adzadandaula za chipinda cha lendi chimene wataya. Khonsolo imuuze kuti telala ndi wokonza mafoni nawonso amalipira.