Gome la Nsaru Yoyera

Mu mzinda wa Lusaka muli mwambo umene makolo sanaudziwe, koma umene anyamata ndi asungwana amaukonda kwambiri akayamba kulandira malipiro. Mwezi ukatha, abwenzi amene anaphunzira pamodzi amapangana tsiku, nabvala zobvala zao zabwino koposa, napita ku hotela kapena ku nyumba yodyeramo ya ku Kabulonga, ya ku Woodlands kapena ya pakati pa mzinda, kukadya mgonero wa mtengo wapatali. Ena amaunyoza mwambowu nati ndi kunyada cabe ndi kutsanzira Azungu. Ena amautama ngati cizindikiro ca kutukuka. Onsewo afulumira kugamula mlandu asanamve mboni, ndipo nkoyenera kuti nkhaniyi iikidwe pabwalo bwino lomwe, pakuti wacinyamata ali yense wotsiriza sukulu tsiku lina adzaitanidwa ku gome lotere.

Mboni yoyamba ndiyo mbiri ya mzindawo. Boma la Northern Rhodesia litasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, mzinda unagawidwa mwa khungu la anthu. Malo okwera a ku Ridgeway, ndi pambuyo pace Woodlands ndi Kabulonga, anali a Azungu, ndipo kufikira lero anthu amawacha kumayadi cifukwa ca mabwalo akuru ozinga nyumba. Anchito akuda anagona m'makomboni monga Kabwata, m'tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, timene tina tikali kuoneka ku Kabwata Cultural Village. M'masitolo ambiri a pa Cairo Road munthu wakuda sanalowe pakhomo ai. Anaimirira panja pa kazenera ka m'mbali, napereka ndarama zace, nalandira nyama yokulungidwa kale imene sanaisankhe ndi maso ace. M'caka ca 1954 a African National Congress, motsogozedwa ndi Bambo Harry Nkumbula, anauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala a mu Lusaka cifukwa ca cipongwe cimeneci, ndipo Bambo Kenneth Kaunda analeka kudya nyama kaamba ka nkhani yomweyi ya kazenera. Mu 1957 akuru awiriwa analowa m'nyumba yodyeramo ya Azungu ku Kitwe, ndipo Bambo Kaunda atapempha cakudya anachedwa mnyamata naturutsidwa kunja mwankhanza. Nkhaniyi anaifotokoza yekha m'buku lace lochedwa Zambia Shall Be Free, la mu 1962. Lamulo loletsa tsankho m'mahotela, m'nyumba zodyeramo ndi m'makanema linayamba kugwira nchito mu September 1960, ndipo ku Kitwe kunali cipolowe pamene anthu akuda anayamba kukhala pa mipando imene anamanidwa kale.

Cotero munthu wonena kuti kudya ku hotela ndi kutsanzira cabe aiwala kuti mpando umene mdzukulu wa wophika akhalapo lero ku Kabulonga unamenyedwera nkhondo. Koma ufulu wa kukhala pa mpando sutsimikiza kuti cimene aika pa gome ncabwino, ndipo apa ndipo payenera kuyang'anitsitsa.

Wowerenga aganize za abwenzi anai. Mmodzi ndi namwino wokhala m'nyumba zosanjikizana za ku Kabwata, wina ndi mphunzitsi wa ku Chelstone, wina agwira nchito ku banki nakhala ku Woodlands, ndipo wacinai ali ndi malonda ace mu tauni. Afika dzuwa litalowa, woperekera awalandira pakhomo, nawatsogolera ku gome loyalidwa nsaru yoyera, pamene munthu ali yense apeza mipeni iwiri kapena itatu ku dzanja lamanja, mafoloko ku dzanja lamanzere, ndi matambula oposa amene pakamwa pamodzi pafuna. Cakudya cidza pang'ono pang'ono: poyamba supu kapena kanthu kakang'ono kodzutsa mudyo, pambuyo pace nyama kapena nsomba, potsiriza cotsekemera ndi khofi. Zonsezi zitenga maola awiri kapena atatu.

Maola amenewa ndiwo cinthu cabwino koposa m'mwambo wonse, ngakhale ambiri sacizindikira. Kumudzi cakudya ndi nchito yofuna kuitsiriza nsima isanazizire. Mwana wolongolola pakudya amadzudzulidwa, amuna amadyera kwao ndi akazi kwao, ndipo mai amene waphika ndiye wotsiriza kukhala pansi ndi woyamba kunyamuka. Pa gome la ku hotela amuna ndi akazi akhala pamodzi, palibe mmodzi wa iwo amene athamangira kumoto, ndipo pakati pa mbale ndi mbale pali mpata wa kuceza. Namwino uja, amene masiku onse atumikira odwala usana natumikira a m'nyumba mwace usiku, apeza madzulo amodzi akuti wina amtumikire iye. Mu mzinda umene anthu a mudzi umodzi amwazikana, wina ku Chelstone wina ku Chilenje, namatha miyezi osaonana, gome lotere lalowa m'malo mwa bwalo la pansi pa mtengo. Amene anyoza mwambowu kawirikawiri ndi amuna amene sanatsukepo mphika.

Luso la wophika nalonso liyenera kutamandidwa pamene lipezeka. Ng'ombe za dziko la Zambia ziri ndi nyama yabwino, ndipo kuoca nthuli yonenepa kuti kunja ipse bwino koma m'kati ikhale yofewa ndi yamadzi ndi nzeru yophunziridwa zaka zambiri. Comweco nsomba ya m'Kafue kapena ya ku Siavonga, yokazingidwa kuti khungu likhale lokhofoka ndi mnofu wosauma, isonyeza msanga ngati m'khicini muli mmisiri kapena munthu wongobvala cisoti coyera.

Za mipeni ndi mafoloko wacinyamata asade nazo nkhawa. Lamulo lace ndi limodzi lokha, ndilo kuyamba ndi za kunja ndi kumayandikira ku mbale, ndipo aliphunzira mwana pa mphindi imodzi. Ndi cinthu cothandizanso kudziwa kuti kadyedwe aka si kakale ngakhale kwa Azungu eni ace. Nyumba zodyeramo zoyamba za mtundu uwu zinaoneka mu Paris m'zaka za m'ma 1760, ndipo kufikira m'zaka za m'ma 1800 anthu olemera a ku France ndi ku England anali kuika mbale zambiri pa gome nthawi imodzi, yense natapa cimene afuna, monga momwe acitira pa ukwati ku Katete. Mcitidwe wa kubweretsa mbale imodzi imodzi anautenga kwa anthu a ku Russia, ndipo wophika wochuka Auguste Escoffier, amene anayamba nchito ku hotela ya Savoy mu London mu 1890, ndiye analongosola khicini kuti wophika ali yense akhale ndi gawo lace. Munthu wocita manyazi cifukwa wagwira foloko yolakwa acita manyazi ndi mwambo umene agogo a Mzunguyo nawonso anacita kuuphunzira.

Mlandu weniweni uyamba pamene woperekera apereka pepala la zakudya. M'nyumba zambiri zotere maina alembedwa m'Cingerezi cosakaniza ndi Cifalansa ndi Citaliyana, ndipo zolemekezedwa koposa ndi za kutali: tinyama ta m'nyanja ya mcere tocokera ku Mozambique, vinyo wa ku South Africa, mpunga wophikidwa mwa Citaliyana. Dziko lopanda gombe la nyanja ya mcere lionetsa ulemu wace ndi zinthu zimene zayenda masiku m'madzi oundana, pamene zokoma zace zenizeni zitsala pamsika wa Soweto. Mvula ikagwa, amai amaimirira m'mbali mwa miseu ndi bowa wa mitundu mitundu, ndipo m'nkhalango za dziko lino mumamera bowa wa pa culu amene akatswiri anamlemba m'mabuku ao mu 1980 namcha Termitomyces titanicus, wamkuru koposa bowa yense wodyedwa pa dziko lapansi, wakuti cipewa cace cifika pafupi mita imodzi m'mimba mwace. Wophika wa ku Paris akadapereka cuma cambiri kuti ampeze. Pali lumanda wa kum'mawa ndi kuwawasa kwace, pali cibwabwa cotendera nsinjiro, mfutso, impwa, nkhuku ya kumudzi, ndi kapenta, amene anamtenga ku nyanja ya Tanganyika kukamuika m'Kariba ca m'ma 1967. Pali cikanda ca Abemba, cophikidwa ndi timizu ta maluwa a m'dambo pamodzi ndi nsinjiro ndi cidulo, cimene cakondedwa kotero kuti timizuto tayamba kusowa, ndipo amalonda amatitenga ku mapiri a kumwera kwa Tanzania.

Nzoona kuti ophika ena a masiku ano ayamba kuika zimenezi pa nsaru yoyera, ndipo ayenera kuyamikidwa, makamaka amene asunga kukoma kwace kwa cinthu osacisandutsa cidole. Pakuti alipo ena amene aumba nsima yonga dzira la nkhunda, naiika pakati pa mbale yaikuru, naizinga ndi madontho a msuzi, napereka foloko. Uku ndi kuibveka nsima jekete. Nsima ifuna dzanja, ifuna madzi ofunda osambira m'manja, ifunanso ndiwo zokwanira kuti mbamu ili yonse ipeze posunsa; ikamanidwa izi yasanduka phala louma. Umboni wace uli ku Thornpark nthawi ya masana, kumene anthu omwewo a mataye amapinda malaya nadya ndi manja m'timisasa ta matebeto, thukuta liri kamukamu, osasiya kanthu m'mbale. Komabe wokonda za makolo asadzitame kopambana, pakuti cimanga comwe ndi mlendo wocokera ku America amene anadza ndi Apwitikizi. Makolo akale anadya mapira ndi mawere. Cakudya cimayenda monga anthu, ndipo colakwa ca pepala lija sikuti lalandira alendo, koma kuti lakhazika eni mudzi pakhonde.

Palinso cinthu cina cimene pepalalo licita mwakacetecete. Kumudzi anthu amatapa m'mbale imodzi, ndipo palibe amene awerenga mbamu za mnzace. Apa munthu ali yense ali ndi mbale yace ndi mtengo wace wolembedwa pambali. Wa ku banki awerenga pepala kuyambira kumanzere kumene kuli maina; mphunzitsi awerenga kuyambira kumanja kumene kuli manambala. Aitanitsa supu yekha ndi madzi, ndipo pofunsidwa ayankha kuti, “Pepani acimwene, ine ndadya kale kunyumba.” Onse adziwa kuti sanadye, koma palibe amene anena. Potsiriza idza bilu, itaonjezedwa msonkho wa boma ndi gawo limodzi la magawo khumi la utumiki, ndipo wamalonda uja anena mokondwa kuti, “Anzanga, tingogawana mofanana tonse anai.” Pamenepo womwa madzi alipira vinyo wa anzace, ndipo ndarama imene ikadagula thumba la ufa ndi makala a mwezi yatha pa maola atatu. Sadzadandaula, koma mwezi wa mawa adzanena kuti ali ndi maliro, mwezi winawo kuti mwana wadwala, kufikira anzace adzaleka kumuitana nati wayamba kudzipatula. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bvuto limeneli licokera pa kusakaniza malamulo awiri. Mwambo wa makolo uti woitana ndiye adyetsa, ndipo mlendo safunsa mtengo wa nkhuku imene amphera. Mwambo wa m'tauni uti yense adzilipirire. Uli wonse mwa iwiri uli ndi cilungamo cace ngati anthu apangana asanacoke kunyumba. Cobvulaza ndi kuitana mwa mwambo woyamba ndi kulipiritsa mwa mwambo waciwiri. Abwenzi ena anzeru amacita monga mwa cilimba, kusonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, kapena kulola wopeza bwino alipire cakumwa ndi kusankha malo amene wocepekedwa akhoza kufikira. Ena amasiya wosauka kuti adzabwezere ulemu kunyumba kwace ndi nkhuku ya kumudzi, ndipo kawirikawiri madzulo amenewo ndiwo amakumbukika.

Watsala woperekera. Nthawi zambiri ndi munthu wamkuru wa msinkhu wa atate wa odyawo, wodziwa maina a vinyo amene sanamlawe ndi kale lonse. Ali yense amene wakhalapo m'nyumba zotere wamva wacinyamata wobvala suti akumuitana ndi mluzu kapena ndi kuthyola zala, namuuza kuti, “Iwe, bwera kuno,” m'malo mwa “Bambo, tathandizani kuno.” Mau amene anaturutsa Bambo Kaunda ku Kitwe mu 1957 sanafe onse, ena angosintha pakamwa. Ndipo pamene cakudya cizizira cifukwa anai onse ali kucijambula ndi mafoni kuti a ku Facebook aone, wodzudzulidwa ndi yemweyo amene anathamanga naco cikali ca moto. Pakati pa usiku alendo akwera magalimoto ao, mphunzitsi nawerenga zotsala m'thumba kuti aone ngati zikwanira takisi ya pa Great East Road kupyola Munali kufika ku Chelstone. Woperekera apinda nsaru zoyera zija, nabvula jekete la nchito, nayenda pansi kupita ku Mtendere kapena ku Kalingalinga, kumene mkazi wace wamsungira nsima ndi kapenta m'mbale yobvundikira.