Diso, nkhama ndi phokoso la m'mimba

Kavalo sasanza. Galu akadya choipa amabweza, ndipo akalephera dokotala amamubaya jakisoni womusanzitsa. Koma pakhomo pa chifu cha kavalo pali mnofu wothina kwambiri moti chimene chalowa chalowa basi. Luso la madokotala a ziweto a ku Johannesburg limayambira pamenepa, kaya aitanidwa ku makola a anthu olemera a ku Kyalami, ku Randjesfontein kumene amaphunzitsira akavalo othamanga pa bwalo la Turffontein, kapena ku Soweto kumene akavalo ena amakoka ngolo za malasha.

Chimene chimandigometsa ndi choti dokotala wodziwa ntchito sathamangira chikwama cha mankhwala. Amayamba waima chapatali n'kuona mmene kavaloyo waimira. Kenako amakweza mlomo wa m'mwamba, kukanikiza nkhama ndi chala, n'kuwerenga masekondi mpaka magazi abwerere. Zikapyola masekondi awiri, zinthu sizili bwino. Amamvera mtima, umene pa kavalo wabwino wongopuma umagunda pakati pa ka 28 ndi ka 44 pa mphindi. Amaunika diso ndi tochi. Pomaliza amaika chomvera chake m'nthiti chakumbuyo, mbali zonse ziwiri, kumvetsera matumbo. Zonsezi sizitha mphindi khumi, koma zimasiyanitsa ziphe ziwiri zimene munthu akazisokoneza amapha chiweto ndi dzanja lake lomwe.

Choyamba ndi Datura, chitsamba cha maluwa ngati lipenga ndi zipatso zaminga, chimene alimi a ku Joni amachitcha stinkblaar. Kavalo sachidya chili chachiwisi, chifukwa n'chonunkha. Vuto limabwera chikamera m'munda wa udzu wa teff, makina n'kuchitchetchera pamodzi, n'kumangidwa m'mabelo. Kavalo amene wadya udzu wotere amauma m'kamwa, mwana wa diso amakula, mtima umathamanga, matumbo amangoti zii, ndowe n'kuuma m'kati. Chachiwiri ndi aldicarb, tameki yemweyu timamudziwa kwathu, amene ku Joni amamutcha Two Step ndipo amagulitsidwa mozemba ngati mankhwala a makoswe. Amene amafa naye kwambiri ndi agalu, akuba akawaponyera nyama pampanda, koma chiweto chilichonse chomudya chimaonetsa zofanana: dovu lambiri, thukuta, kutsekula m'mimba, minofu kunjenjemera, mwana wa diso kuchepa ngati kadontho, ndipo m'mimba mumalira osaleka.

Tsono tamvani. Mankhwala opulumutsa chiweto ku tameki ndi atropine, ndipo atropine ndi chimodzi mwa ziphe zimene zili mu Datura. Jakisoni mmodzimodziyo ndi moyo kwa kavalo wadovu, imfa kwa kavalo wouma m'kamwa. Ngakhale pamene ali woyenera, kavalo sapirira atropine monga galu: mukapyoza muyeso matumbo amaima, ndipo mwachiza chiphe n'kubweretsa kudzimbidwa kokhoza kupha. N'chifukwa chake dokotala amabaya pang'onopang'ono, n'kubwerera kukamvera m'mimba, n'kubayanso, khutu lili pa nthiti nthawi yonse. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona ukatswiri, chifukwa buku limangopereka nambala, pamene woweruza kuti zakwana ndi khutu.

Popeza kusanzitsa kulibe, njira ndi ya m'mphuno. Amalowetsa paipi yofewa, yaitali kuposa mkono wa munthu kangapo, n'kudikira kavalo ameze kuti ipite kum'mero wa chakudya, osati wa mpweya. Amayang'ana kumanzere kwa khosi kuti aione ikutsika, amapemereramo mpweya ndi kumva fungo la m'chifu, ndipo pokhapo ndi pomwe amathira kanthu. Ikalowera ku mapapo, chothiracho chimamiza kavalo ali chiimire. Chimene amathira nthawi zambiri ndi makala oyengedwa mwapadera, osungunula m'madzi, pafupifupi galamu imodzi kapena kuposerapo pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kavalo wa makilogalamu 500 amafuna theka la kilogalamu kapena kupitirira. Makalawo amagwira chiphe chisanalowe m'magazi, ndipo amathandiza kwambiri kavalo akadya masamba a oleander, maluwa a m'mipanda ya m'tauni amene amasokoneza mtima, omwe wolima maluwa wosadziwa amatha kutayira m'khola pamodzi ndi zodulidwa zina.

Kwinako ntchito ndi ya mafunso, ndipo woyankha bwino nthawi zambiri si mwini kavalo koma mnyamata womusamalira, ndipo ena mwa anyamatawa ndi a kwathu konkuno. Belo latsopano linatsegulidwa liti? Thumba la chakudya lachokera kuti? Mwamusambitsa ndi dibi yanji? Dibi ya amitraz, yabwino pa nkhupakupa za ng'ombe, imaimitsa matumbo a kavalo. Monensin, amene amasakaniza m'chakudya cha ng'ombe ndi nkhuku, amawononga mtima wa kavalo pa mamiligalamu awiri kapena atatu okha pa kilogalamu, ndipo alibe mankhwala omuthetsa. Palinso matenda a dunsiekte, obwera ndi zitsamba za Senecio zimene zimadya chiwindi mwakachetechete. Kavalo amaonda, amayasamula kawirikawiri, amakanikiza mutu kukhoma, patapita miyezi kuchokera pamene anadya.

Nzeru zambirizi zinachokera ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, malo ofufuzira matenda a ziweto amene Arnold Theiler anayambitsa mu 1908, ndipo sukulu ya madokotala a ziweto inatsegulidwa pomwepo mu 1920. Nkhani yake imene ikutikhudza ife odya nsima ndi ya chimanga chachuku. Kwa zaka zambiri kunkadziwika kuti kavalo wodya chimanga chowola amapenga, amachita khungu, amayenda mozungulira, ndipo akafa mbali ina ya ubongo imapezeka itasungunuka. Mu 1988 gulu la Walter Marasas ndi Wentzel Gelderblom linapatula chiphe chake, fumonisin, kuchokera ku chuku chotchedwa Fusarium chimene anachipeza m'chimanga cha ku Transkei, ndipo mu 1990 Kellerman ndi anzake anatsimikiza nkhaniyi pomwetsa akavalo chiphecho pachokha.

Kavalo amene wafika poyenda mozungulira kawirikawiri sachira, ndiye maso a dokotala amatembenukira kwa otsalawo. Amalamula kuti chimanga ndi madeya zichotsedwe m'makola onse tsiku lomwelo, amatapa pang'ono m'matumba angapo osati limodzi, chifukwa chuku sichigwira mofanana, ndipo wakufayo amamutumbula atavala magolovesi, n'kutumiza chiwindi, za m'chifu ndi ubongo kukapimidwa. Ubongowo amaupimanso chiwewe, pakuti kavalo wachiwewe amatha kuoneka chimodzimodzi, ndipo mnyamata amene ankamutsegula kukamwa ayenera kudziwa msanga ngati akufunika katemera.