Mankhwala a Njoka Amalowa ndi Ludzu

Nkhuku ya ku Nsadzo, m'boma la Chifunde ku Mozambique, imadzidyetsa yokha. Ikatuluka m'khola imakapalasa kudzala, kuseri kwa nkhokwe ndi m'mbali mwa munda wa fodya, ndipo potola chiswe ndi madeya imamezera kumodzi mazira a njoka za m'mimba ochokera m'zitosi za inzake. Njokazi sizipulula khola ngati chitopa. Chitopa chili ndi katemera wake wa I-2, wodonthezera m'diso, amene ku Mozambique amaperekedwa mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Za njoka palibe amabwera kudzalengeza. Amaziona yekha mwini nkhuku, kawirikawiri mayi wa pakhomo, ndipo alipo amayi ena amene ntchitoyi amaigwira mwaluso loti munthu n'kuima kuonerera.

Amayambira m'manja. Madzulo nkhuku zikalowa, amanyamula msoti n'kuupapasa pachidali, chifukwa nthenga zimabisa kuwonda. Msoti wodya bwino koma wopepuka, fupa la pachidali lili poyera, lipombo litatuwa, amauika m'maso. Kukacha amawerama pansi pa khola kuyang'ana zitosi. Tsiku lophera mlendo nkhuku, matumbo sawapereka kwa ana asanawang'ambe ndi lezala kuyambira kunthutumba mpaka kumapeto. Akapezamo njoka zoyera zobulungira, zina zotalika masentimita 10, ndiye Ascaridia galli, imene imasautsa kwambiri anapiye osakwana miyezi itatu. Zaphanthiphanthi zamfundomfundo, zimene tizidutswa take timaoneka m'zitosi ngati mpunga, ndi mtundu wina. Mayiyo maina a m'mabuku alibe nawo ntchito, koma kusiyanitsako amakudziwa, ndipo n'kofunika: piperazine, ufa wa m'masitolo a zaulimi umene ena amakagula kutsidya kwa malire ku Katete podzera pachipata cha Cassacatiza, amafooketsa zobulungira zokha kuti zituluke ndi zitosi. Zaphanthiphanthi sazikhudza.

Pamene ndimagoma napo ine ndi pa kamwetsedwe. Nkhuku yoyendayenda imamwa paliponse: pachithaphwi, pansi pa thandala, kuseri kwa bafa. Wongosungunula mankhwala m'phale n'kuika pabwalo masana wataya ndalama, poti nkhuku zingolawa pang'ono n'kupita kumadzi ozolowera. Katswiri amachotsa madzi madzulo. M'mawa khola salitsegula mpaka dzuwa litakwera pang'ono, nkhuku zikulira ndi ludzu. Apo ndi pamene amasungunula mlingo wolembedwa papaketi, m'madzi ochepa oti athe m'maola owerengeka. Sathira m'phale limodzi ayi. Tambala ndi mathadzi akuluakulu amajompha zing'onozing'ono, ndiye yodwala kwambiri ndi imene ingatsale osamwa. Amagawa m'mapale atatu kapena anayi otalikirana, n'kukhala pakampando kuwerenga mitu imene yaviika mlomo n'kuyang'ana kumwamba. Imene yangoima pambali, mapiko ali lende, amaigwira n'kuidonthezera m'mbali mwa mlomo pang'onopang'ono kuti isatsamwe.

Ludzulo nalo lili ndi mlingo. M'Okutobala, kutentha kwa kuno ku Tete kutafika pachimake, kuchedwa kutsegula khola n'kupha anapiye. M'dzinja vuto limatembenuka: madzi ali ponseponse, ndiye nkhuku zimatsekeredwa mpaka phale liume.

Akatha kumwetsa amatenga tsache. Mazira a njokazi ali ndi chikhungwa cholimba. Pamthunzi pachinyezi amakhala miyezi yambiri, ndipo pakangotha pafupifupi masabata awiri amakhala atakhwima, okonzeka kulowa m'nkhuku ina. Chimene amaopa ndi dzuwa ndi kuuma. N'chifukwa chake mayiyo amapala zitosi zonse kukazikwirira kumunda wakutali, pansi pa khola n'kuwazapo phulusa. Pakapita masabata awiri kapena atatu amamwetsanso, popeza tiana ta njoka tobisala m'khungu la matumbo timapulumuka ulendo woyamba. Ambiri amalephera apa: nkhuku zikayamba kuoneka bwino, paketi imaiwalika patsindwi.

Ndalama ikasowa, ena amasinja nthangala za papaya n'kusakaniza ndi madeya. Zimachepetsako njoka, koma mphamvu yake njosadziwika mlingo. Zaphanthiphanthi zija zimalowera mu nyerere, ntchentche ndi tizikumbu, ndipo palibe angaletse nkhuku yakumudzi kutola nyerere. Zimenezo zikachuluka, mayiyo amakafunsa mlangizi wa ziweto mankhwala ena, n'kufunsiratu kuti adikire masiku angati asanadye mazira kapena kupha nkhukuyo.