Chimene Chimakoka Owerenga mu Nkhani Zazitali za Maufumu Opeka: Kusanthula The Lord of the Rings

Chiyambi

Ophunzira ambiri akaona buku la masamba opitirira 1000 amagwa ulesi asanalitsegule n'komwe. Komabe pali gulu la nkhani zopeka zimene zimatuluka m'mabuku atatu, asanu kapena kuposera apo, ndipo owerenga akamaliza buku limodzi amasowa tulo kufuna lotsatira. Nkhanizi zimachitikira m'maiko ongopeka ofanana ndi Ulaya wa zaka za pakati pa 500 ndi 1500, nthawi ya mafumu, malinga, akavalo ndi malupanga, mfuti ndi galimoto kulibe. Mumapezekanso zamatsenga ndi zilombo zimene palibe adazionapo. M'mutu uno tisanthula chitsanzo chimodzi, The Lord of the Rings ya J.R.R. Tolkien, kuti tione chimene chimakoka owerenga. Bukuli ndi la Chingerezi, koma njira zolisanthulira ndi zomwezo zimene mumagwiritsa ntchito pa mabuku anu a mayeso: malo ndi nthawi, ampangankhani, tsatanetsatane wa nkhani, mfundo zazikulu ndi luso la mlembi.

Mbiri ya mlembi

John Ronald Reuel Tolkien adabadwa mu 1892 ku Bloemfontein m'dziko la South Africa, koma adapita ku England ali ndi zaka 3. Bambo ake adamwalira mu 1896 ndipo mayi ake adamwalira mu 1904, choncho adakula ali mwana wamasiye. Mu 1916 adamenya nawo nkhondo yoyamba yapadziko lonse ku Somme m'dziko la France, ndipo anzake apamtima adafera kunkhondoko. Kuyambira mu 1925 adaphunzitsa Chingerezi chakale pa yunivesite ya Oxford. Mu 1937 adatulutsa The Hobbit, buku la ana. Nkhani yotsatira idamutengera zaka pafupifupi 12 kuti ailembe. Iye adailemba ngati nkhani imodzi, koma osindikiza adaigawa patatu chifukwa cha kukwera mtengo kosindikiza buku lalikulu chotero: The Fellowship of the Ring ndi The Two Towers adatuluka mu 1954, The Return of the King mu 1955. Tolkien adamwalira mu 1973.

Chidule cha nkhani

Kalekale Sauron, mfumu yoipa ya dziko la Mordor, adasula mphete ndi kuikamo mphamvu zake kuti alamulire mitundu yonse. Mpheteyo idamutayika pankhondo. Patapita zaka zochuluka idagwera m'manja mwa Gollum, kenako mwa Bilbo, ndipo Bilbo adaisiyira mbale wake wachichepere, Frodo. Bilbo ndi Frodo ndi a mtundu wa Hobbit, anthu afupiafupi okonda kulima, kudya ndi kucheza m'dera lawo la Shire. Pamsonkhano wa ku Rivendell akuluakulu akugwirizana kuti mpheteyo iwonongedwe, koma singasungunuke kwina kulikonse kupatula m'phiri la moto momwe idasulidwa, pakati penipeni pa dziko la mdani. Frodo akudzipereka kuinyamula ndipo akunyamuka ndi anzake 8. Gululi likubalalika panjira. Ena akupita kukamenya nkhondo ku Rohan ndi ku Gondor, pamene Frodo ndi wantchito wake wa m'munda, Sam, akulowera ku Mordor motsogozedwa ndi Gollum, amene mtima wake ukadali pa mphete.

Malo ndi nthawi

Chinthu choyamba chimene chimakoka owerenga ndi dziko lenilenilo. Nthano yathu imangoti "padangotero", ndipo omvera safunsa kuti mudziwo udali kuti. Tolkien adachita zosiyana. Adajambula mapu oonetsa mitsinje, mapiri ndi misewu. Adawerengera masiku a ulendo ndi kaonekedwe ka mwezi kuti zigwirizane. Kumapeto kwa buku lachitatu adaikako mndandanda wa mafumu, mibadwo ya mabanja ndi zaka za zochitika. Adapeka ngakhale zinenero: chinenero cha Quenya adachitsamiritsa pa chinenero cha ku Finland, ndipo cha Sindarin pa cha ku Wales. Anthu a ku Rohan adawapatsa maina a Chingerezi chakale chimene iye ankaphunzitsa.

Zotsatira zake n'zakuti ampangankhani akamayenda amadutsa pa mabwinja, ziboliboli za mafumu ndi manda a anthu amene mbiri yawo imangotchulidwa pang'ono. Wowerenga amamva kuti dzikoli lidalipo iye asanafike ndipo lili ndi zambiri zimene sadauzidwe. Zindikirani kuti nkhani yodzaza ndi zosatheka imafuna kuti mlembi asamale kwambiri tinthu ting'onoting'ono. Frodo ndi Sam amamva njala, madzi amawathera, mapazi amawapweteka. Tikakhulupirira ludzu lawo, timavomeranso mphete yamatsenga.

Ampangankhani

M'nkhaniyi muli ngwazi zambiri. Muli Aragorn, wa kumtundu wa mafumu. Muli Gandalf, nkhalamba yanzeru ndi yamphamvu zodabwitsa. Muli Boromir, msilikali wolimba mtima wa ku Gondor. Koma katundu wolemera kuposa onse akusenzetsedwa kwa Frodo, amene msinkhu wake ndi wa mwana ndipo sadziwa kumenya nkhondo. Aliyense amene adakulira pa nthano za Kalulu ndi Njovu adziwa kukoma kwake wamng'ono akachita zimene zakanika wamkulu. Kusiyana kwake n'kwakuti Kalulu amapambana ndi ukathyali, pamene Frodo alibe machenjera otero. Chimene ali nacho ndi kupirira basi.

Ubwino wa nkhani yaitali ndi wakuti mpangankhani amasintha pang'onopang'ono ife tikuona. Pippin akuyamba ulendo ali mnyamata wachibwana amene akuponya mwala m'chitsime ku Moria popanda kuganizira ngozi. Pofika m'buku lachitatu ndi msilikali wa ku Gondor amene akupulumutsa moyo wa Faramir. Sam akuyamba ngati wonyamula mapoto. Kumapeto ndi iye amene akubereka Frodo kumsana pokwera phiri. Apa mlembi akutsimikiza zoti mutu umodzi susenza denga. Kusintha kotere sikungakwanire m'nkhani yaifupi ya masamba 5. Wowerenga amene wayenda ndi anthuwa kwa masabata angapo amawazolowera ngati anzake, ndipo n'chifukwa chake ambiri amamva chisoni buku likatha.

Tsatanetsatane wa nkhani

Luso lina la mlembi ndi kusiya owerenga m'malere. Gulu litabalalika, Tolkien sadumphadumpha pakati pa magulu mutu ndi mutu. Theka loyamba la The Two Towers likutsata Aragorn ndi anzake okhaokha, osatiuza chilichonse za ulendo wa Frodo. Theka lachiwiri likubwerera m'mbuyo kukatsata Frodo ndi Sam, ndipo likutha Frodo atalumidwa ndi kangaude wamkulu, Shelob, ndi kugwidwa ndi adani ali moyo. Amene adawerenga bukuli litangotuluka mu Novembala 1954 adadikira mpaka Okutobala 1955 kuti adziwe zotsatira. Atatsegula buku lachitatu adapezanso kuti likuyamba ndi Gandalf ndi Pippin. Pambuyo pake mthenga wa Sauron akuonetsa Gandalf zovala za Frodo pachipata cha Mordor, ndipo wowerenga, monganso Gandalf, sakudziwa ngati Frodo akadali moyo.

Phunzirani pamenepa kuti dongosolo limene mlembi wasankha pofotokoza zochitika ndi gawo la luso lake. Pamayeso musangonena zimene zidachitika. Nenaninso chifukwa chimene mlembi wabisira china n'kuulula china.

Mfundo zazikulu

1. Kuopsa kwa mphamvu. Mphete ndi chizindikiro cha ulamuliro wopanda malire. Imanyenga munthu aliyense potengera zimene iye amalakalaka. Boromir akuifuna kuti ateteze dziko lake, cholinga chabwino ndithu, koma akufika polimbana ndi Frodo kuti amulande. Gandalf ndi Galadriel akukana kuilandira ngakhale akupatsidwa mwaulere, podziwa kuti angayambe ndi kuchita zabwino n'kutsiriza ali ankhanza. Gollum, amene kale ankatchedwa Sméagol, adapha mnzake Déagol tsiku lomwe adaiona, ndipo itakhala naye zaka pafupifupi 500 idamusandutsa chinthu chomvetsa chisoni. Onani kuti ngwazi za m'nkhani zambiri zimayenda ulendo kukatenga chuma. Ngwazi iyi ikuyenda ulendo kukachitaya.

2. Chifundo. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kumayambiriro Frodo akudandaula kuti Bilbo sadaphe Gollum pamene adali ndi mpata. Gandalf akumuchenjeza kuti asafulumire kuweruza munthu kuti afe, ndipo akulosera kuti Gollum adzachitapo kanthu nkhani isanathe. Frodo atakumana ndi Gollum akumuchitira chifundo. Sam akutsutsa zimenezi, ndipo maganizo ake ndi ofanana ndi mwambi wathu uja wakuti chifundo chidapha nkhwali. Poyamba zikuoneka ngati Sam walondola, pakuti Gollum akuwapereka kwa Shelob. Koma paphiri la moto Sam yemweyo, lupanga lili m'manja, akulephera kumupha chifukwa cha chisoni.

Pachimake pa nkhani pakuchitika chinthu chimene owerenga sayembekezera. Frodo atafika pamphepete pa moto akukana kuponya mphete ndipo akuivala. Ngwazi yalephera. Gollum akumulumphira, akumuluma chala n'kuchidula, ndipo akuvina ndi chimwemwe mpaka kuterereka n'kugwera m'moto ndi mphete yomwe. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Dziko lapulumuka chifukwa Bilbo, Frodo ndi Sam, aliyense panthawi yake, adaleka kupha mdani amene adali m'manja mwawo. Mlembi akadalola Frodo kuponya yekha mpheteyo, mfundo yoyamba ija ikadasweka, pakuti tikadaona kuti munthu wolimba mtima angathe kugonjetsa dyera la mphamvu payekha.

3. Mabala a nkhondo. Nkhani sikutha ndi phwando la ufumu wa Aragorn. A Hobbit akubwerera kwawo n'kupeza mitengo itadulidwa, mtsinje utaipitsidwa, anthu akulamulidwa mwankhanza ndi Saruman. Akonza zonsezi, koma Frodo sakuchira. Chaka ndi chaka mabala ake amamuwawa, ndipo pomaliza akukwera chombo kuchoka m'dziko limene adalipulumutsa. Tolkien adakana zoti nkhaniyi ndi fanizo la nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Komabe n'zosadabwitsa kuti munthu amene adaona za ku Somme adalemba za msilikali wobwerera kwawo ali wosweka mtima.

Zofooka za bukuli

Kusanthula buku kumafuna kuti tione mbali zonse. Mu 1956 katswiri wa zolembalemba wa ku America, Edmund Wilson, adalinyoza bukuli kuti ndi lachibwana, pamene mlakatuli W.H. Auden adaliyamikira kwambiri. Zina mwa zimene otsutsa amanena zili ndi maziko.

Choyamba, nkhani imayamba mochedwa. Pakati pa phwando la Bilbo ndi kunyamuka kwa Frodo pakudutsa zaka 17, ndipo nyimbo ndi mbiri zakale zimadula nkhani pafupipafupi. Chachiwiri, akazi ndi ochepa. Pa anthu 9 a paulendo palibe mkazi. Éowyn, amene akupha mtsogoleri wa asilikali a Sauron mothandizidwa ndi Merry, akupita kunkhondo atadzibisa ngati mwamuna. Chachitatu, a mtundu wa Orc onse ndi oipa, ndipo chifundo chimene chikuchitiridwa Gollum iwo sichikuwafikira.

Chachinayi chimatikhudza ife owerenga a ku Africa. Anthu a khungu lakuda ochokera kummwera, a Haradrim, akumenya nkhondo kumbali ya Sauron, pamene mitundu yabwino yambiri ndi yoyera khungu. Pali malo amodzi pamene Sam akuona mtembo wa msilikali wa kummwera n'kudzifunsa dzina lake, kwawo, ndiponso ngati sadachite kunamizidwa kapena kukakamizidwa kuti abwere kunkhondo. Ndimeyo ndi yogwira mtima, koma ndi yaifupi, ndipo anthu amenewa sapatsidwa mpata wolankhula okha. Wowerenga wanzeru angathe kusangalala ndi nkhaniyi kwinaku akuona kuti mlembi adali mwana wa nthawi yake, nthawi ya atsamunda.

Mathero

Ena amati kuwerenga nkhani zotere ndi kuthawa mavuto enieni. Tolkien adayankha zimenezi m'nkhani imene adakamba pa yunivesite ya St Andrews mu 1939, pamene adati mkaidi woyesa kutuluka m'ndende sayenera kunyozedwa ngati msilikali wothawa nkhondo. Owerenga ambiri adagwirizana naye: mu 2003 anthu a ku Britain adasankha bukuli kukhala lokondedwa kuposa onse pa chisankho chimene idachititsa BBC, ndipo mafilimu atatu a Peter Jackson a mu 2001, 2002 ndi 2003 adalifikitsa kwa anthu enanso ochuluka. Taona kuti dziko lake ndi lopeka, koma mafunso ake ndi enieni: kodi mphamvu zimamutani munthu, kodi mdani achitiridwe chifundo, nanga wopulumutsa anzake iye amapulumuka?

Mukamayankha funso la chimangirizo pa buku lililonse, tsatani njira imene tagwiritsa ntchito pano. Tchulani mfundo, perekani chochitika cha m'buku chochitira umboni, kenako fotokozani mmene chochitikacho chikutsimikizira mfundoyo. Mfundo yopanda umboni simakoka malikisi.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani njira ziwiri zimene mlembi wagwiritsa ntchito kuti dziko lopeka lioneke ngati lenileni.
2. Kodi mphete ikuimira chiyani? Perekani umboni kuchokera kwa ampangankhani awiri.
3. Siyanitsani khalidwe la Frodo ndi la Kalulu wa m'nthano.
4. "Chifundo chidapha nkhwali." Kodi nkhani ya Gollum ikugwirizana kapena kutsutsana ndi mwambiwu? Fotokozani.
5. Sankhani buku limodzi mwa mabuku anu a mayeso ndipo onetsani malo awiri pamene mlembi wasiya owerenga m'malere.