Madontho kapena Mawanga? Vuto la Kugawa Zojambula Zamakono

Ounika zaluso akaona chojambula chosafanizira munthu, nyama kapena mtengo, koma chodzala ndi timadontho, amathamangira kuchiika m'gulu limodzi ndi zina zonse zooneka motero. Kagawidwe kotere n'kofooka, ndipo Chichewa chikuonetsa chifukwa chake. Dontho ndi dzina lochokera ku mneni kudontha. Limanena za mmene utoto wagwera. Banga, limene pochulukitsa ndi mawanga, ndi chizindikiro cha mwini wake, monga nkhanga imadziwika ndi mawanga ake.

Georges Seurat, amene anamaliza chojambula chake cha La Grande Jatte mu 1886, ankaika madontho: mitundu yosiyana imagundizana kuti diso la woonera liisakanize lokha. Ku Papunya m'dziko la Australia zinthu sizinali choncho. Mu 1971 mphunzitsi Geoffrey Bardon analimbikitsa amuna achiaborijini kujambula nkhani za makolo awo ndi penti, ndipo patapita nthawi ena anayamba kuphimba ndi timadontho zizindikiro zimene osavinidwa sayenera kuona. Amenewo ndi mawanga, ndipo Mchewa wodziwa chinsinsi cha kudambwe savutika kuwamvetsa. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, malo amene UNESCO inawazindikira mu 2006, kuli zojambula zoyera zamawangamawanga pamiyala zimene ofufuza amazigwirizanitsa ndi chinamwali cha atsikana. Kuzitcha zojambula zopanda chifaniziro ndi kuvomera chabe kuti woonerayo sanalangidwe.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri zidzukulu za Amalawi amene anapita kukakumba kromu ku Shurugwi, tauni imene kale inkatchedwa Selukwe, ndi m'migodi ina ya Midlands, kumene gule wamkulu anatsata eni ake mpaka m'makomboni. Zimbabwe inaona kale zimene dzina lolakwika limachita. Mudzi wa osema miyala wa Tengenenge, umene Tom Blomefield anayambitsa mu 1966 kufupi ndi Guruve, unali ndi amisiri ambiri ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fanizani Akuda anali Mchewa wobadwira ku Zambia. Komabe ntchito zawo zinafika pamsika wa kunja zikutchedwa zosema za Chishona, dzina limene linagulitsa bwino koma n'kufufuta kwawo kwa osemawo.

Mwana wa m'komboni ya Shurugwi atajambula lero ndi timadontho, wogula wa ku Harare angamuyese wotsanzira Papunya kapena Yayoi Kusama wa ku Japan. Mwina n'zoona, pakuti si Mchewa aliyense amene amajambula za mwambo, ndipo kum'kakamiza kutero n'kulakwa kwina. Koma wounika asanalembe dzina la gulu, ayenera kufunsa wojambulayo ngati timadonthoto tikusakaniza mitundu, tikubisa kanthu, kapena tikunena mwini wake.