Kalulu wa Beatrix Potter ndi Kalulu wathu

Ku England kuli kalulu wochuka kuposa mafumu ena a kumeneko. Dzina lake ndi Peter Rabbit. Anamulemba ndi kumujambula ndi mayi Beatrix Potter, amene anabadwira ku London mu 1866. Nkhaniyi inayamba mu 1893 ngati kalata yopita kwa mwana wodwala wa mphunzitsi wake wakale. Osindikiza mabuku ataikana, Potter anadzilipirira yekha mabuku 250 mu 1901. Caka cotsatira kampani ya Frederick Warne inaitenga, ndipo ikusindikizidwabe mpaka lero.

Nkhani yake njaifupi. Mayi aletsa ana ake anayi kulowa m'dimba la bambo McGregor, cifukwa atate awo anagwidwa momwemo nasanduka ndiwo. Atatu amvera. Peter akwawira kunsi kwa cipata, adya masamba, apirikitsidwa, ataya jekete ndi nsapato, nafika kwawo ali wefuwefu. Abale ake adya buledi, mkaka ndi zipatso, iye agona atangomwa mankhwala.

Ubwino wa bukuli ndi wakuti silinamiza mwana. Imfa yachulidwa koyambirira, popanda kuzungulira. Mwini dimba si mfiti ayi, ndi mlimi woteteza thukuta lake, monga acitira aliyense wa inu amene walonderapo kabici. Zithunzi nazo sizinama. Potter ankaweta akalulu, ndipo ankaphunzira za bowa mozama, moti mu 1897 zolemba zake zinaperekedwa ku Linnean Society iye kulibe, pakuti akazi sankaloledwa pamisonkhano yake. N'cifukwa cake mkati mwa jeketelo muli kalulu weniweni, wa makutu ndi mantha a kalulu.

Koma tikamuika pafupi ndi Kalulu wa nthano zathu, Peter acepa. Wathu amakokanitsa cingwe Njovu ndi Mvuu iye ali phee pamthunzi. Cida cake ndi lilime. Peter alibe lilime lotere: amapulumuka ndi miyendo komanso mwayi, ndipo zikamuthina amangolira. Mwana womvera nthano yathu amaphunzira kuti wamng'ono angagonjetse wamkulu ndi nzeru. Wowerenga Peter amaphunzira kuti ukapanda kumvera mayi ugona ndi njala. Phunzirolo ndi loona, koma ndi lopapatiza.

Awiriwa ali pacibale. M'zaka za m'ma 1890 Potter anajambula zithunzi za nthano za Uncle Remus, zimene Joel Chandler Harris anazimva kwa anthu akuda amene anali akapolo ku America. Kalulu wa m'nthanozo, Brer Rabbit, mizu yake ili kuno ku Afrika. Buku la Peter silichula mangawa amenewa. Kalulu anaoloka nyanja kawiri, ndipo ucenjezi wake wambiri unatsala panjira.

Potter analemba timabuku 23 totere. Mu 1903 analembetsa kuboma cidole ca Peter, mu 1905 anagula munda wa Hill Top ku Lake District, kenako nakhala mlimi wa nkhosa. Pomwalira mu 1943 anasiyira bungwe la National Trust malo oposa mahekitala 1,600 kuti asaonongeke. Nkhani ya kalulu inagula nthaka.

Abale anga, m'masukulu ena a ku Tete ndi Niassa ana akuphunzira kuwerenga m'Cinyanja, koma akaweruka awerenga ciyani? Kumasulira Peter si kulakwa, koma tiyambe ndi Kalulu wathu agogo omudziwa asanathe. Kwa Potter titengeko kacitidwe kake: buku laling'ono lokwana m'manja mwa mwana, mtengo wotsika, mawu osaculuka, ndi zithunzi zojambulidwa ndi munthu amene anamuonadi kalulu akudumpha m'chire. Nzeru za kaluluyo tili nazo kale.